Mankhwala a khansa ya kapamba yofalikira amene akali kuyesedwa

Mankhwala a khansa ya kapamba yofalikira amene akali kuyesedwa ndi mankhwala omwe madokotala ndi asayansi amapatsa odwala pa kafukufuku kuti aone ngati amathandiza, koma sanaloledwe kukhala chithandizo cha masiku onse m'zipatala. Amaperekedwa kwa anthu omwe chotupa chawo chakula moti sichingachotsedwe pa opaleshoni, kapena khansa yafika kale m'ziwalo zina monga chiwindi ndi mapapo. Kafukufukuyu ndi wofunika chifukwa mankhwala ovomerezeka amangotalikitsa moyo ndi miyezi yowerengeka. Kuyambira m'ma 1990, mankhwala ambiri anaoneka ngati athandiza atayesedwa pa mbewa kapena pa odwala ochepa, koma analephera atayesedwa pa anthu ambiri. Masiku ano ofufuza ambiri aika mtima pa mankhwala olimbana ndi puloteni yotchedwa KRAS, yomwe imakulitsa pafupifupi zotupa zonse za mtunduwu.

Matendawa mwachidule

Kapamba amene akunenedwa pano ndi chiwalo chomwe madokotala amachitcha pancreas. Chili kuseri kwa chifu, ndipo chimatulutsa timadzi togaya chakudya komanso insulini yomwe imachepetsa shuga m'magazi. Mwa anthu 10 alionse odwala khansa ya kapamba, pafupifupi 9 amadwala mtundu wotchedwa ductal adenocarcinoma, umene umayambira m'timachubu todutsa timadzi togaya chakudya. Nkhani ino ikunena za mtundu umenewu.

Padziko lonse, anthu pafupifupi 500,000 amapezeka ndi khansa ya kapamba chaka chilichonse, ndipo omwalira nayo pa chaka amaposa 460,000. Matendawa amabisala kwa nthawi yaitali. Zizindikiro zake, monga chikasu, kuwonda, kusafuna kudya komanso kupweteka kwa m'mimba ndi msana, zimaonekera mochedwa. N'chifukwa chake pafupifupi theka la odwala amapezeka khansa itafalikira kale, ndipo ndi 15 mpaka 20 okha pa 100 alionse omwe angachitidwe opaleshoni. Ku United States, mwa odwala 100 omwe khansa yawo yafika m'ziwalo zakutali, pafupifupi 3 ndi omwe amatha zaka zisanu ali moyo.

Chithandizo chovomerezeka kale

Mankhwala atsopano aliwonse amayerekezedwa ndi omwe alipo kale. Poyerekezapo, ofufuza amawerenga miyezi imene imadutsa kuchokera pamene odwala ayamba kulandira mankhwala mpaka pamene theka la iwo lamwalira. Manambala a miyezi ya moyo omwe ali m'nkhani ino akutanthauza zimenezi: odwala ena amamwalira nthawiyo isanakwane, ena amaipitirira kwambiri.

Bungwe loona za mankhwala ku United States, la FDA, linavomereza gemcitabine mu 1996. Pa kafukufuku amene anachititsa zimenezi, olandira gemcitabine anakhala ndi moyo miyezi 5.65, pomwe olandira mankhwala akale a fluorouracil anakhala miyezi 4.41. Mu 2005 kunavomerezedwa erlotinib woperekedwa limodzi ndi gemcitabine, koma kusiyana kwake kunali kwa masiku pafupifupi 10 okha.

Mu 2011 gulu la madokotala a ku France lotsogoleredwa ndi Thierry Conroy linatulutsa zotsatira za FOLFIRINOX, njira yophatikiza mankhwala anayi. Pa odwala 342, njirayi inapereka miyezi 11.1 pomwe gemcitabine yekha anapereka 6.8. Mu 2013 kafukufuku wa MPACT, wa odwala 861, anasonyeza kuti kuphatikiza nab-paclitaxel ndi gemcitabine kumapereka miyezi 8.5 m'malo mwa 6.7. Mu 2024 FDA inavomereza NALIRIFOX, atapereka miyezi 11.1 poyerekeza ndi 9.2 pa odwala 770. Mankhwala onsewa ali m'gulu la chemotherapy, lomwe limapha maselo amene amachulukana msanga, kuphatikizapo ena abwinobwino. Amafooketsa thupi, amachepetsa maselo a magazi, amatseguletsa m'mimba, ndipo ena amachititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi.

Palinso mankhwala ena amene amathandiza odwala ochepa okha omwe zotupa zawo zili ndi zizindikiro zapadera. Olaparib anavomerezedwa mu 2019 kwa anthu obadwa ndi vuto m'majini a BRCA1 kapena BRCA2, omwe ndi 4 mpaka 7 pa odwala 100 alionse. Majini ndi malangizo a m'maselo amene munthu amatengera kwa makolo ake. Pa kafukufuku wa POLO, olaparib anaimitsa kukula kwa khansa kwa miyezi 7.4 poyerekeza ndi 3.8, ngakhale sanasonyeze kuti amatalikitsa moyo. Zenocutuzumab anavomerezedwa mu 2024 kwa odwala ochepa kwambiri omwe zotupa zawo zili ndi kusintha kwa jini la NRG1.

Mmene mankhwala atsopano amayesedwera

Mankhwala asanafike kwa anthu, amayesedwa pa maselo m'labotale komanso pa nyama, makamaka mbewa. Pa anthu amayesedwa m'magawo atatu. Gawo loyamba limakhala ndi odwala makumi ochepa, ndipo cholinga chake n'kupeza mlingo woyenera ndi kudziwa mavuto amene mankhwalawo amayambitsa. Gawo lachiwiri limaona ngati zotupa zikuchepa kapena kusiya kukula. Gawo lachitatu limakhala ndi odwala mazana angapo, omwe amagawidwa m'magulu awiri mwa maere: gulu lina limalandira mankhwala atsopano, lina limalandira chithandizo chovomerezeka kale. Kugawa mwa maere kumathandiza kuti magulu awiriwo akhale ofanana pa msinkhu, mphamvu za thupi ndi kukula kwa matenda. Kawirikawiri ndi gawo lachitatuli limene limatsimikizira ngati mankhwala amatalikitsadi moyo.

Mankhwala olimbana ndi KRAS

KRAS ndi puloteni ya m'maselo yomwe imagwira ntchito ngati switchi ya magetsi. Ikayaka, selo limakula ndi kugawikana. Ikazima, selo limasiya. Jini lopanga puloteniyi likasintha, switchiyo imangokhala yoyaka. Mu 1988 ofufuza a gulu la Manuel Perucho anasonyeza kuti zotupa zambiri za kapamba zili ndi kusintha kotere, ndipo pano zikudziwika kuti kumapezeka m'zotupa zoposa 90 pa 100 zilizonse. Kusinthaku kuli m'mitundu ingapo yomwe imatchulidwa potengera malo a nambala 12 pa puloteniyo. Mtundu wa G12D umapezeka m'zotupa pafupifupi 40 pa 100, wa G12V pafupifupi 30, ndipo wa G12R umabwera pachitatu. Wa G12C umapezeka mwa wodwala mmodzi kapena awiri okha pa 100.

Kwa zaka pafupifupi 30, asayansi ankaona kuti n'zosatheka kupanga mankhwala omata pa KRAS chifukwa puloteniyi ndi yosalala, yopanda malo oti mankhwala angagwirepo. Anayesa kuilepheretsa kufika pa khungu la selo, pomwe imagwirira ntchito, pogwiritsa ntchito tipifarnib. Kafukufuku wa odwala 688 yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2004 anasonyeza kuti mankhwalawo sanathandize, popeza KRAS ili ndi njira ina yofikira pamalopo.

Zinthu zinasintha mu 2013 pamene gulu la Kevan Shokat la pa University of California, San Francisco linapeza kampata kakang'ono pa KRAS ya mtundu wa G12C. Kuchokera pa zimenezi kunapangidwa sotorasib, amene anavomerezedwa mu 2021 pa khansa ya m'mapapo, komanso adagrasib. Pa odwala khansa ya kapamba 38 a G12C omwe anali atalandira kale mankhwala ena, sotorasib anachepetsa zotupa mwa 8, ndipo odwalawo anakhala ndi moyo miyezi 6.9. Adagrasib anachepetsa zotupa mwa odwala 7 pa 21. Zotsatirazi zinasonyeza kuti KRAS ingagonje ndi mankhwala, koma zinakhudza kagulu kochepa kwambiri ka odwala.

Pofuna kufikira odwala ambiri, kampani ya Revolution Medicines ya ku California inapanga daraxonrasib, yemwe poyamba ankatchedwa RMC-6236. Awa ndi mapiritsi omwa kamodzi pa tsiku. Akalowa m'selo amamata pa puloteni ina yotchedwa cyclophilin A, kenako ziwirizi zimakamata pa RAS yoyaka n'kuitsekereza kuti isatumize uthenga woti selo likule. Chifukwa cha kagwiridwe kameneka, mankhwalawa amalimbana ndi mitundu yambiri ya KRAS yosinthika nthawi imodzi. Zotsatira za gawo loyamba zomwe kampaniyi inalengeza mu 2024 zinasonyeza miyezi pafupifupi 14 pa odwala omwe chemotherapy woyamba anali atasiya kugwira ntchito, pomwe chemotherapy wachiwiri nthawi zambiri amapereka miyezi 6 mpaka 7. Mavuto ofala anali zidzolo za pakhungu, zilonda za m'kamwa, nseru ndi kutsegula m'mimba. Chaka chomwecho kunayamba kafukufuku wa gawo lachitatu wotchedwa RASolute 302, woyerekeza daraxonrasib ndi chemotherapy, ndipo mu 2025 FDA inaika mankhwalawa m'gulu la oyenera kuunikidwa mofulumira. Kampani yomweyi ikuyesanso zoldonrasib, wolimbana ndi G12D yekha.

Vuto lalikulu la mankhwala a KRAS ndi loti khansa imawazolowera. Pakapita miyezi, maselo ena amasinthanso jini la KRAS, ena amapanga puloteniyo yochuluka kuposa kale, ndipo ena amapeza njira ina yokulira. N'chifukwa chake ofufuza akuyesa kuwaphatikiza ndi chemotherapy kapena ndi mankhwala a magulu ena.

Mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi

Mankhwala monga ipilimumab, nivolumab ndi pembrolizumab amamasula maselo oteteza thupi otchedwa T kuti aukire khansa. Anasintha kwambiri chithandizo cha khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma ndi ya m'mapapo, koma pa kapamba sanaphule kanthu. Pa kafukufuku wa mu 2010 wa odwala 27 olandira ipilimumab, panalibe yemwe chotupa chake chinachepa kufika pa mlingo umene ofufuza anaika. Mu 2019 durvalumab, yekha kapena limodzi ndi tremelimumab, analepheranso pa odwala 65. Pembrolizumab amathandiza wodwala pafupifupi mmodzi pa 100, yemwe chotupa chake chimalephera kukonza zolakwika za mu DNA. Zifukwa zake n'zakuti zotupa za kapamba zili ndi zizindikiro zochepa zoti chitetezo cha m'thupi chizizindikire, komanso zimadzaza ndi maselo omwe amafooketsa maselo a T. Pofuna kuthana ndi zimenezi, akuyesa mankhwala odzutsa puloteni ya CD40, monga sotigalimab ndi mitazalimab, limodzi ndi chemotherapy.

Katemera wa khansa si wopewera matenda ngati wa chikuku, koma wophunzitsa thupi kuzindikira chotupa chomwe chilipo kale. Akatemera oyambirira analephera. GV1001 anayesedwa pa odwala 1,062 ku Britain pa kafukufuku wa TeloVac, ndipo zotsatira za mu 2014 zinasonyeza kuti sanatalikitse moyo. GVAX wophatikizidwa ndi CRS-207 analephera mu 2016. Mu 2023 Vinod Balachandran ndi anzake a pa Memorial Sloan Kettering ku New York, mogwirizana ndi makampani a BioNTech ndi Genentech, analemba za katemera wa mRNA wopangidwira wodwala aliyense payekha potengera chotupa chake. Mwa odwala 16, matupi a 8 anapanga maselo a T olimbana ndi chotupacho, ndipo khansa yawo inachedwa kubwereranso. Komabe odwala onsewa anali atachotsedwa chotupa pa opaleshoni, choncho zotsatirazi sizikunena za khansa yofalikira.

Njira ina ndi yotenga maselo a T m'magazi a wodwala, kuwasintha m'labotale kuti azizindikira khansa, n'kuwabwezeretsa m'thupi. Mu 2022 Rom Leidner, Eric Tran ndi anzawo a pa Providence Cancer Institute ku Portland, ku Oregon, analemba za mayi wina yemwe khansa yake inali itafika m'mapapo. Atalandira maselo ozindikira KRAS ya G12D, zotupazo zinachepa ndi 72 peresenti m'miyezi 6. Wodwala wina wolandira chithandizo chofananacho sichinamuthandize. Njirayi ndi yodula, imafuna zipangizo zapadera, ndipo imagwira ntchito pa anthu okhawo omwe maselo awo ali ndi chizindikiro cha chibadwa chogwirizana nayo.

Mankhwala ofewetsa mnofu wozungulira chotupa

Chotupa cha kapamba chimakhala cholimba ngati chipsera, chifukwa gawo lake lalikulu si maselo a khansa koma mnofu wa ulusiulusi wotchedwa stroma. Mnofuwu umafinya mitsempha ya magazi, motero mankhwala amafika ochepa m'kati mwa chotupa. Mu 2009 ofufuza a ku Cambridge, ku England, anasonyeza kuti mankhwala a saridegib amachepetsa mnofuwu pa mbewa ndipo gemcitabine amalowa bwino. Atawayesa pa anthu, kafukufuku anaimitsidwa mu 2012 chifukwa olandira saridegib ankamwalira msanga kuposa enawo. Mu 2014 magulu awiri a asayansi anapeza kuti kuchotsa stroma pa mbewa kumachititsa khansa kukula mwaukali. Zinaonekeratu kuti mnofuwu, ngakhale umatchinga mankhwala, umagwiranso ntchito ngati mpanda wotsekereza chotupa.

PEGPH20 wa kampani ya Halozyme ankasungunula hyaluronan, chinthu chonanda chomwe chimasunga madzi m'chotupa. Anaoneka wothandiza pa gawo lachiwiri, koma pa gawo lachitatu, lotchedwa HALO-301, mu 2019 anapereka miyezi 11.2 pomwe gulu losalandira linafika 11.5. Pamrevlumab wa kampani ya FibroGen analepheranso mu 2024.

Mankhwala osokoneza kadyedwe ka maselo a khansa

Popeza magazi amafika ochepa m'chotupa, maselo a khansa ya kapamba amakhala pamalo osowa chakudya ndi mpweya wa okosijeni, ndipo amapeza mphamvu m'njira zachilendo. Devimistat, wosokoneza tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, anachepetsa zotupa mwa odwala ambiri pa gawo loyamba lomwe linali ndi anthu 20 okha. Pa gawo lachitatu, la odwala oposa 500, mu 2021 anapereka miyezi 11.1 poyerekeza ndi 11.7. Evofosfamide, amene amayamba kugwira ntchito pamalo osowa okosijeni, analephera mu 2015.

Maselo a khansayi amadyanso tizigawo tawo tomwe tatha ntchito kuti apulumuke. Hydroxychloroquine, wa m'banja limodzi ndi chloroquine wa malungo, amaletsa zimenezi. Kafukufuku wa odwala 112 wa mu 2019 anapeza kuti kumuwonjezera pa chemotherapy sikunawonjezere chiwerengero cha otha chaka ali moyo. Mu 2024 ofufuza a pa University of Iowa analengeza kuti vitamini C wochuluka kwambiri, woperekedwa kudzera m'mitsempha limodzi ndi chemotherapy, anapereka miyezi 16 poyerekeza ndi 8. Kafukufukuyu anali wa odwala 34 okha, ndipo mlingo wotere sungafikidwe pomwa mapiritsi kapena kudya zipatso.

Chifukwa chake ambiri amalephera

Khansa ya pa mbewa siifanana ndendende ndi ya pa munthu. Odwala olowa m'kafukufuku woyambirira nthawi zambiri amakhala amphamvu kuposa odwala ambiri, choncho akhoza kukhala nthawi yaitali ngakhale mankhwalawo asakuchita kanthu. Pa gulu la anthu 20 kapena 30, odwala awiri kapena atatu ochita bwino mwamwayi amasintha manambala onse. Kuchepa kwa chotupa pa chithunzi cha sikani sikutanthauza nthawi zonse kuti munthu akhala ndi moyo wautali. Komanso matendawa amafooketsa thupi mofulumira, moti ena amalephera kupitiriza mankhwala. Pofuna kufulumizitsa ntchitoyi, bungwe la Pancreatic Cancer Action Network la ku United States linayambitsa mu 2020 kafukufuku wa Precision Promise, yemwe ankayesa mankhwala angapo nthawi imodzi n'kumachotsa msanga osathandiza.

Kulowa nawo m'kafukufuku

Kafukufuku aliyense amakhala ndi zofunika kuti munthu alowe nawo, monga mtundu wa kusintha kwa majini m'chotupa, mankhwala amene analandira kale, mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito, komanso ngati wodwalayo akutha kuyenda ndi kudzisamalira. N'chifukwa chake madokotala amalimbikitsa kuyeza majini a chotupa ndi a magazi matenda akangodziwika. Ku United States, odwala khansa ya kapamba omwe amalowa m'kafukufuku safika 5 pa 100 alionse. Kafukufuku wambiri amachitikira ku North America, ku Ulaya ndi kum'mawa kwa Asia, ndipo amalembedwa m'kaundula wa pa intaneti monga ClinicalTrials.gov. Wa mu Africa amalembedwanso mu Pan African Clinical Trials Registry.

Malamulo a kafukufuku wa pa anthu, omwe ambiri amachokera pa Declaration of Helsinki ya mu 1964, amafuna kuti wodwala auzidwe zoopsa ndi ubwino womwe ungakhalepo, avomere yekha mosakakamizidwa, ndiponso akhale ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse popanda kumanidwa chithandizo china. Komiti yoima payokha imaunika dongosolo lonse ntchito isanayambe. Kwa omwe sangathe kulowa m'kafukufuku, mayiko ena amalola kampani kupereka mankhwala osavomerezedwa kwa wodwala yemwe njira zina zonse zamuthera. Ku United States kulinso lamulo la Right to Try la mu 2018, ngakhale silikakamiza kampani kupereka mankhwalawo. Kukhala m'kafukufuku sikuletsa munthu kulandira chithandizo chochepetsa ululu, nseru ndi vuto la kugaya chakudya.

Mankhwala oyesedwa motsata malamulo ndi osiyana ndi njira zosatsimikizika zomwe anthu ena amagulitsa kwa odwala. Chitsanzo chodziwika ndi njira ya dokotala wa ku New York, Nicholas Gonzalez, yomwe inali ya mapiritsi ambiri a timadzi ta kapamba wa nkhumba, zakudya zapadera ndi kutsuka m'matumbo ndi khofi. Itayesedwa pa odwala 55 omwe anasankha okha njira yotsatira, zotsatira za mu 2010 zinasonyeza kuti osankha chemotherapy anakhala ndi moyo miyezi 14.0, pomwe osankha njira ya Gonzalez anakhala miyezi 4.3 ndipo ankavutika kwambiri ndi matendawo.